Melencolia ya Dürer yooda pa intaneti: ya pepala ili bho, ya canvas musataye ndalama

Amene mumakonda zithunzi zakale za ku Ulaya zija zopanda makala, zakuda ndi zoyera basi, nayi nkhani ya shopu ina ya pa intaneti yogulitsa makope a zithunzi za m'mamyuziyamu. Dzina sinditchula chifukwa pali zina zoti ndidandaule, komanso mashopu oterewa alipo ambirimbiri ndipo machitidwe awo ndi amodzimodzi. Ine ndinaoda Melencolia I ya Albrecht Dürer, wojambula wa ku Germany, ya pa pepala, saizi yake yeniyeni, alamu anga atamva anati ndiwaodere nawo koma iwo amafuna yaikulu ya pa canvas yoti idzaze khoma la pabalaza, ndiye zonse zinafikira kwa ine ndipo ndinapeza mpata woziika pamodzi nkuziyang'ana bwinobwino asanabwere kudzatenga yawo. Ya pepala ndi yabwino ndithu, ya canvas ndi yodula kuposa katatu koma chithunzicho anachipha.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti chithunzichi nchaching'ono. Ukachiona pa foni kapena pa kompyuta umaganiza kuti ndi chinthu chachikulu, koma ayi, ndi masentimita pafupifupi 24 kutalika ndi 19 m'lifupi, pepala la A4 likuchiposa. Ndipo si penti, palibe bulashi inagwira ntchito apa. Dürer anachipanga mu 1514 kwawo ku Nuremberg, anatenga lata la kopa losalala nkumagoba mizere ndi kachitsulo kosongoka kotchedwa burin, kamene umakankha ndi chikhatho kwinaku ukutembenuza latalo, akamaliza amapaka inki kuti ilowe m'mizeremo, kupukuta pamwamba, kuika pepala lonyowa pang'ono kenako kupanikiza pa makina. Ndiye chilichonse chomwe mukuona pamenepo, mdima, kuwala, nthiti za galu, mapindo a diresi, zonsezo ndi timizere ndi timadontho basi, pakuda ndi pomwe timizere tathithikana, powala ndi pomwe wasiya pepala lokha osalikhudza. Komanso pogoba amayenera kulemba zonse chotembenuza, manambala ndi zilembo zomwe, kuti zikasindikizidwa ziwerengeke bwino. Bambo ake anali osula golide ochokera ku Hungary ndipo mwanayu anayamba kugwira zitsulo zotere mu shopu ya bambo akewo asanapite kukaphunzira kwa wojambula wina, Michael Wolgemut, mu 1486, nde dzanja limenelo linaphunzitsidwa kuyambira ali mnyamata.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa ndi pomwe pagona nkhani ya kope labwino ndi loipa. Ngati timizere tija sitikuoneka tokhatokha ndiye kuti mwagula utsi.

Ya pepala ija anaichita bwino, zoona. Pepala ndi lokhuthala, losanyezimira, loyera moderako pang'ono, ndipo inki yakuda yakhala yakuda osati yopita ku buluu kapena kofiirira ngati zimachitira ma printer otchipa. Ndinatenga galasi lokulitsira zinthu nkuyamba kutsatira nthenga za phiko la mayi wamapiko amene ali pa chithunzichi, mzere uliwonse ukuoneka pawokha, osaphatikizana ndi unzake. Pa diresi mpomwe ndinakhalitsa, nsaluyo imaoneka yolemera komanso yonyezimira koma ukayandikira ndi timizere topingasana tokhatokha, ukabwerera m'mbuyo pang'ono nsalu ija yabweranso. Chomwe kopeli silingakupatseni ndi chomwe makope onse a printer sangathe, pa chenicheni inki imatukuka pang'ono pamwamba pa pepala ndipo m'mphepete mumakhala chidindo chomwe lata lija linasiya popanikiza, apa zonse nzosalala, chidindocho chimangooneka ngati kamthunzi. Pa mtengo wake, wosakwana mapaundi 20, sindingadandaule nazo zimenezo.

Tsopano ya alamu. Aaa. Anaikulitsa mwina katatu, ndiye timizere tija tasanduka mikwingwirima yonenepa yosaoneka bwino m'mphepete, ndipo canvas payokha ili ndi ulusi wake wolukana umene ukulimbana ndi mizere ya Dürer, maso sadziwa kuti atsatire ziti. Kuonjezera apo wina wake pa kompyuta anakweza contrast kuti chizioneka "champhamvu" ukakhala patali, zotsatira zake malo onse otuwa apakatikati, amene ndi ochuluka kwambiri pa chithunzichi, apita, kwatsala kuda bii ndi kuyera mbee. Ndipo choipitsitsa, pokulunga canvas pa matabwa a felemu anadya m'mphepete monse, manambala a kumanja kwa bokosi la manambala lomwe lili pakhoma m'chithunzicho apinda apita kumbali, ndipo chizindikiro cha AD, zilembo zoyamba za dzina lake, ndi chaka chomwe Dürer anaika pansi kumanja pa sitepe yomwe mayiyo wakhalapo chatsala theka, uyenera kusuzumira m'mbali kuti uchione.

Izi zinandiseketsa pang'ono chifukwa Dürer nthawi yake anavutika kwambiri ndi anthu okopera ntchito zake nkumaikapo AD yemweyo, mpaka mu 1512 khonsolo ya mzinda wa Nuremberg inalamula munthu wina amene amagulitsa makope abodza kuti achotse chizindikirocho apo ayi amulanda katundu. Lero shopu yachotsa yokha popanda wolamula kkkk.

Koma pomwe canvas yalakwitsa zenizeni ndi pa nkhope. Chithunzichi chili ndi munthu wamapiko, ambiri amati ndi mkazi, wakhala pansi wagwira tsaya ndi nkhonya ya kumanzere, kukhala kuja komwe kwathu agogo akakuona amakukalipira kuti chotsa dzanja, kwagwa maliro kodi. Kudzanja lamanja wagwira kampasi koma sakuyeza kanthu, pamiyendo pali buku lotseka, kumutu wavala nkhata ya masamba, m'chiuno mukulendewera makiyi ndi kachikwama. Nkhope yake ili mu mthunzi, yada, koma maso ndi oyera, otseguka, akuyang'ana patali molimba ngati munthu amene mutu ukuthamanga koma thupi lakana. Pa pepala zimenezi zimaoneka bwino kwambiri, umaona kuti munthuyu sakulira, sakugona, sali waulesi, ali maso kuposa wina aliyense pamalopo. Pa canvas nkhope yonse yangokhala banga lakuda ndi timadontho tiwiri toyera, ukhoza kuganiza kuti wakwiya kapena akudwala mutu. Ndipo kusiyana kumeneku si kwamasewera, chifukwa Dürer asanajambule ichi, zithunzi za munthu wa melancholy, wachisoni chozama, komwe kwachokera dzina la chithunzichi, m'makalendala ndi m'mabuku a mankhwala zimaonetsa munthu waulesi wogona pa ntchito kapena waumbombo wokumbatira ndalama, iye ndi amene anatenga munthu yemweyo nkumupatsa mapiko ndi zida za akatswiri oyeza ndi omanga. Ukachotsa maso amenewo wabwerera kwa waulesi uja.

Zida zili mbwee pansi, sowo, chopalira matabwa, misomali, rula, hamala, chopanira, botolo la inki, mpira, kumbuyo kuli kambiya kosungunuliramo zitsulo pa moto. Galu wowonda nthiti zokhazokha wadzipinda wagona. Kamwana kamapiko kakhala pa mphero kali bize kulembalemba pa kasileti, kokhako ndi komwe kakugwira ntchito pa chithunzi chonse. Pakhoma pali sikelo, galasi la mchenga loyezera nthawi, belu ndi bokosi la manambala, makwerero atsamira khoma sakuoneka kumene akuthera, ndipo kutali uko pamwamba pa nyanja kuli utawaleza, chinthu chowala ngati nyenyezi yamchira, ndi kanyama konga mleme katatambasula mapiko pomwe palembedwa dzina la chithunzi. Zonsezi m'kapepala kosakwana A4, ndipo pa kope la pepala chilichonse chimazindikirika, ngakhale mano a sowo mutha kuwawerenga.

Palinso mwala waukulu wa makona ambiri, umenewu ndi mayeso abwino ngati mukufuna kudziwa kuti kope lanu ndi labwino kapena ayi. Uli ndi mbali 8, zisanu ndi imodzi za makona asanu, ziwiri za makona atatu, akatswiri a masamu mpaka lero amatsutsana kuti Dürer anaupanga bwanji. Pa mbali yake yakutsogolo pali timabanga tofewa kwambiri timene anthu ena amati ndi chigaza kapena nkhope ya munthu, ine ndimaona ngati ndi maonekedwe a mwala basi koma mfundo njoti pa pepala timabangato tilipo, mutha kukangana nato, pa canvas palibe chilichonse, pangoti mbuu.

Mu phukusi munalinso kakhadi kofotokoza tanthauzo la chithunzi, ndipo apa ndili ndi mawu. Kakhadiko kalembedwa molimba mtima kwambiri, chinthu chilichonse achipatsa tanthauzo limodzi ngati kuti Dürer anawaimbira foni, galu ndi ichi, makwerero ndi ichi, belu ndi ichi, kenako nkumaliza ndi zoti anthu anzeru zakuya onse amakhala achisoni ndipo chisoni ndi mtengo wa luso. Zoona zake nzakuti Dürer sanasiye kalata yofotokoza chithunzichi. Chomwe tili nacho cholembedwa ndi dzanja lake ndi kamzere pa pepala lina lomwe amayeserapo, koti kiyi amatanthauza mphamvu ndipo chikwama chimatanthauza chuma, basi. Ndipo kamzere kameneko, komwe ndi kokhako kotsimikizika, pa khadipo sanakaikepo.

Nkhani ya chisoni ndi luso ili ndi mbiri yake ndithu, sikuti a shopu angoipeka, koma ikanakoma akanaifotokoza ngati maganizo a anthu a nthawi imeneyo. Madokotala a ku Ulaya kuyambira kwa Agiriki akale amakhulupirira kuti m'thupi muli timadzi tinayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo khalidwe la munthu limatengera kamene kachuluka. Wa ndulu yakuda ndi amene amamuti wa melancholy, ndipo pa anayiwo ameneyu ndiye amaonedwa watsoka kwambiri, wozizira, wouma, wokonda kukhala yekha, wosachedwa kupenga, ndipo amati ali pansi pa pulaneti ya Saturn. Koma panali nkhani ina yakale yochokera ku sukulu ya Aristotle yofunsa kuti nchifukwa chiyani anthu opambana pa nzeru, pa ndale, pa ndakatulo ndi pa luso amaoneka kuti ndi a ndulu yakuda, ndipo Marsilio Ficino, munthu wophunzira wa ku Florence ku Italy, amene nayenso amadziwerengera m'gulu lomwelo, anaidzutsa nkhaniyi mu 1489 nkunena kuti Saturn yemweyo amene amakupanikiza ndi amenenso amakukweza. Maganizo amenewa anafika ku Germany, wolemba mabuku wina, Cornelius Agrippa, cha mu 1510 analemba zoti melancholy ili pa masitepe atatu, yoyamba ya anthu ogwira ntchito ndi zithunzi za m'maganizo monga ojambula ndi omanga, yachiwiri ya anthu a kulingalira monga madokotala ndi andale, yachitatu ya zauzimu. Nchifukwa chake ambiri amati I uja pa dzina la chithunzi, amene ndi nambala 1, akuloza sitepe yoyambayo, ya amisiri. Ena amati ayi, Dürer amafuna kupanga zithunzi zingapo motsatizana koma sanapitirize. Khadi langa langosankha limodzi osanena nkomwe kuti pali mkangano.

Bokosi la manambala nalonso likulowa pomwepa. Mizere yake ndi 16, 3, 2, 13, kenako 5, 10, 11, 8, kenako 9, 6, 7, 12, pomaliza 4, 15, 14, 1. Phatikizani chopingasa, chotsika, kapena kuchoka pa kona kupita pa kona inzake, yankho ndi 34 nthawi zonse, manambala anayi a m'makona 34, anayi apakati 34, mukaligawa panayi kagawo kalikonse 34. Pansi pakati pali 15 ndi 14, chaka chomwe anachipanga, ndipo 4 ndi 1 a m'mbalimo ena amati ndi D ndi A pa alifabeti. Anthu okhulupirira za nyenyezi nthawi imeneyo amati bokosi la manambala anayi anayi ndi la pulaneti ya Jupiter, ndipo Jupiter ndi amene amafewetsa ukali wa Saturn, ndiye likhoza kukhala ngati chithumwa chopachika pamwamba pa mutu wa wodwalayo, chimodzimodzi nkhata ija imene akatswiri amati ndi ya zomera za m'madzi zothana ndi kuuma kwa ndulu yakuda. Ana a alamu anatha nthawi yaitali akuphatikiza manambalawa pa kope langa la pepala, pa la kwawo sangathe chifukwa 13, 8, 12 ndi 1 ali kuseri kwa kona.

Chinanso chomwe khadi langodutsa mwachangu, mayi ake a Dürer, a Barbara, anamwalira mu May chaka chomwecho cha 1514. Anabereka ana 18 ndipo atatu okha ndi amene anakula, miyezi ingapo asanamwalire mwana wawoyu anawajambula ndi makala a moto ali ndi zaka 63, owonda mafupa okhaokha, chithunzi chovuta kuchiyang'ana. Kaya imfayo inalowa bwanji mu Melencolia aliyense ali ndi maganizo ake, koma kulemba za chisoni cha munthu chaka chimenecho osatchula maliro a mayi ake, nkumangoti genius genius, ine ndikuona ngati kusankha nkhani yogulitsa.

Mmene ndikuchionera ine, nditachiyang'ana pafupi kwa nthawi, nkhani yake si yakuti chisoni chimabala luso. Ndi munthu amene ali ndi zida zonse, luso lonse, mapiko omwe, koma wafika pomwe kuyeza kwathera ndipo akudziwa kuti chomwe akufuna chili kutsidya. Kamwana kaja kakulemba mosangalala chifukwa sikanadziwe kuti nzovuta. Dürer mwiniwake anatha zaka zambiri akusakasaka malamulo a kayezedwe ka thupi la munthu, anatulutsa buku la zoyezayeza mu 1525 ndipo la miyezo ya thupi linatuluka mu 1528 chaka chomwe anamwalira, koma m'zolemba zake anavomera kuti kukongola kwenikweni kuti nchiyani iye sakudziwa. Erwin Panofsky, katswiri wa mbiri ya zojambula amene anachifufuza kwambiri chithunzichi, anati chili ngati Dürer wadzijambula yekha mumzimu, ndipo pali kachithunzi kena komwe Dürer anadzijambula akuloza ndi chala kumanzere kwa mimba, cha pa kapamba, nkulemba kuti apa mpomwe pakundipweteka, kapamba yemweyo amene madokotala a nthawiyo amati ndi nyumba ya ndulu yakuda. Ndiye mwina Panofsky sanaphonye kwambiri. Chodabwitsa nchoti chithunzi cha munthu wolephera kugwira ntchito ndi chimodzi mwa ntchito zogobedwa mwaluso kwambiri zomwe munthu anapangapo, chaka chomwechonso anatulutsa Jerome Woyera ali mu chipinda chake chowerengera, ndipo chaka cha m'mbuyo mwake, 1513, msilikali wa pa hatchi uja woyenda ndi Imfa ndi Satana. Munthu ameneyu sanangokhala nkugwira tsaya ayi.

Ndipo ndinene pang'ono, zomati kuvutika maganizo ndi chizindikiro cha nzeru nzokoma pa khadi la mu shopu koma tonse tikudziwa anthu amene depression yawagwetsa, sinawapatse luso lililonse, inangowalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya. Za ndulu yakuda ndi Saturn zinali sayansi ya 1514, tiziwerenge choncho.

Kubwerera ku shopu. Katundu anafika mu nthawi yomwe analonjeza, pamenepo palibe vuto. Koma kope la pepala analikulunga mu chubu, kapepala kakang'ono chonchi komanso kokhuthala, kanatuluka katapindika ndipo ndinachita kukapsinja ndi mabuku kuti kawongoke, pomwe envelopu yolimba ikanakwana bwinobwino. Canvas inafika kona imodzi itaphwanyika pang'ono. Nditawalembera za konayo ndi za m'mphepete modyedwa muja anachedwa kuyankha, ndipo yankho lake linali loti kukulunga kotero ndi sitayilo yawo, nkundipatsa kodi ya discount yoti ndidzagulirenso china. Pa webusaiti yawo chithunzi chotsatsira canvas chikuonetsa bokosi la manambala lonse lathunthu, ndiye apa sanachite chilungamo.

Komanso dziwani kuti mashopu ngati awa sakugulitsani chithunzi, akugulitsani pepala ndi inki. Chithunzicho nchaulere, Metropolitan Museum ya ku New York kuyambira 2017 inatsegula zithunzi za zinthu zake zakale kuti aliyense atha kudawunilodi nkugwiritsa ntchito mmene akufunira, ndipo Melencolia ali nayo, Rijksmuseum ya ku Amsterdam nayonso imapereka mafayilo akuluakulu. Ndiye amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka musavutike ndi mtengo wa shipping umene ungapose katunduyo, tengani fayilo yaikulu pa flash mupite nayo kwa opulinta abwino, muwauze kuti asakulitse, asakhudze contrast, ndipo asaike pa pepala lonyezimira la mafoto a ukwati, mufune la matte lokhuthala. Adzakuuzani kuti bwana tikupangireni A2 izioneka bwino, kanani. Amene muli kuno ku UK ndipo mukufuna kuona chenicheni, British Museum ku London ili nacho, ndipo chipinda chawo cha ma print amalola anthu kukaona zinthu ukapangana nawo tsiku.

Zoti chikhale chaching'ono si nkhani ya kukonda kwanga chabe. Zithunzi zimenezi kuyambira pachiyambi zinali katundu wonyamula m'manja, akazi ake a Dürer, a Agnes, amakagulitsa ma print m'misika ikuluikulu monga ya ku Frankfurt, mayi ake omwe aja amagulitsanso, ndipo iye atapita ku Netherlands mu 1520 ananyamula mulu wa mapepala amenewa, ena kugulitsa ena kupatsa anthu ngati mphatso, nkumalemba zonse mu buku lake la ulendo. Ogula ambiri amasunga m'mabuku ndi m'mabokosi, nkumatulutsa kuti ayang'ane pafupi. Chinapangidwira munthu mmodzi amene wachiyandikitsa kumaso, osati alendo okhala pa sofa kutsidya kwa chipinda.

Ndiye pa nyenyezi zisanu, ya pepala ndikuipatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha chubu ndi khadi lija. Ya canvas imodzi, ndipo imodziyo ndi ya matabwa a felemu amene ndi olimba ndithu. Mukagula ya pepala felemu yake ikhale yosavuta, yakuda kapena ya thabwa wamba, musiye malo oyera okwanira kuzungulira, galasi likhale losanyezimira ngati mungalipeze chifukwa malo akuda aja amasanduka kalilole, ndipo mupachike pomwe mungaime pafupi, m'mbali mwa desiki kapena mu korido, mulingo wa maso. Jerome uja ndikufuna ndimuodenso saizi yomweyi, koma ndiyamba ndawafunsa ngati angatumize chogoneka mu envelopu, akakana ndipita kwa ena.